Manambala a Chiromaniya akundikanika ndikangodutsa 10, ndichite bwanji?

Wowerenga wina wa ku Zomba walemba kuti: "Zikomo aphunzitsi. Ndine mtsikana wa zaka 22. Ndapeza mwayi wa maphunziro ku Romania ndipo kwatsala miyezi itatu kuti ndinyamuke. Andiuza kuti chaka choyamba ndi chophunzira chilankhulo chokha, koma ndikufuna ndikafike ndikudziwako kuwerenga ndalama, kunena nthawi ndi kutchula nambala ya foni. Ndakhala ndikuloweza pafoni. Kuyambira 1 mpaka 10 zikuyendako, koma ndikangofika pa 11 mawu akutalika ndipo lilime likukana. Ndinaonera vidiyo ya anthu akugulitsana pamsika, sindinatolepo nambala ngakhale imodzi. Kodi mutu wanga ndi wouma, kapena ndikuphunzira molakwika?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndakondwera nanu pa mwayi mwapezawu. Mtima ukhale m'malo, mutu wanu uli bwinobwino. Dandaulo lanuli ndalimva kwa pafupifupi aliyense amene ndamuthandiza kuyamba Chiromaniya, ndipo inenso ndinadutsa momwemo m'miyezi yanga yoyamba mu mzinda wa Iași ku Romania. Chimene chikukuvutani pa 11 chili ndi mankhwala ake, ndipo mankhwalawo muli nawo kale m'Chichewa chimene munayamwa. Za pamsikazo ndi nkhani ina, ndifikapo.

Tiyambe taona manambala khumi oyambawo, ngakhale mwati akuyendako, chifukwa ena onse amamangidwa pa iwowa. Ndi awa: unu, doi, trei, patru, cinci, șase, șapte, opt, nouă, zece. Ziro ndi zero. Ubwino wa Chiromaniya ndi woti chimawerengedwa pafupifupi mmene chalembedwera, monga Chichewa, ndiye mukadziwa malembo ochepa achilendo ntchito yapepuka. S wokhala ndi kamchira pansi, ș, amamveka ngati sh wa mu "shuga", choncho 6 ndi "shase" ndipo 7 ndi "shapte". C akatsatidwa ndi e kapena i amamveka ngati ch wa mu "chala", n'chifukwa chake zece timati "zeche". A wosenza kambale pamutu, ă, alibe mnzake m'Chichewa. Ndi liwu lofooka, lotuluka kamwa itatseguka pang'ono lilime lili phee, penapake pakati pa a ndi e. Ameneyu mumamumva kumapeto kwa nouă.

Pamene ife olankhula Chichewa timapunthwa ndi apa. Mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo sitikonda kuunjika malembo ngati p ndi t popanda liwu pakati pawo. Ndi lamulo lomwelo limene linatipatsa "sukulu" ndi "buledi". Palibe chamanyazi pamenepo, koma mukalitengera ku Chiromaniya, opt amasanduka "oputi", patru amasanduka "paturu", trei amasanduka "tirei", ndipo wokumverani amayamba kukwinya nkhope kuti atole chimene mwanena. Yesani chonchi: nenani "op", tsekani milomo, kenako gundani t ndi nsonga ya lilime popanda kutulutsa liwu lina lililonse. Cinci nayenso si "chinchi". I womalizayo ndi wonong'ona chabe, moti khutu limangomva ngati "chinch". Musungeni bwino i wonong'onayu chifukwa abweranso pa makumi onse. Chinanso ndi l ndi r. Kwathu malembo awiriwa amasinthana popanda kusokoneza tanthauzo, pomwe kwa iwo lac ndi nyanja ndipo rac ndi nkhanu ya m'madzi. Ophunzira anga ndimawauza kuti azibwereza "trei lei", kutanthauza ndalama zitatu za kumeneko, m'mawa uliwonse mpaka r azinjenjemera payekha ndipo l azisalala payekha.

Mukakhala ndi wachibale wa ku Tete kapena ku Angónia wodziwa Chipwitikizi, mumuwerengere manambalawa muone mmene adabwire. Iye amati dois, três, quatro, cinco, ndipo sete ndi oito sali kutali ndi șapte ndi opt. Zilankhulo ziwirizi ndi za mbumba imodzi, pamodzi ndi Chitaliyana, Chifalansa ndi Chisipanishi. Zonse zinachokera ku Chilatini, chimene chinazika mizu m'dera limene lero ndi Romania mfumu Trajan ya Aroma itagonjetsa dziko la Dacia m'chaka cha 106.

Tsopano 11 wakuopsani uja. Unsprezece amaoneka wautali chifukwa ndi mawu atatu omatidwa pamodzi: un, spre ndi zece. Spre anachokera ku mawu a Chilatini akuti super, otanthauza pamwamba. Choncho unsprezece ndi "chimodzi pamwamba pa khumi". Nanga ife timati chiyani? Khumi ndi chimodzi. Ganizo lake ndi lomwelo, iwo angoyamba ndi chaching'ono pomwe ife timayamba ndi khumi. Mukangoona zimenezi, simukulowezanso mawu asanu ndi anayi atsopano, mukungolumikiza zidutswa zimene mukuzidziwa kale: doisprezece, treisprezece, cincisprezece, șaptesprezece, optsprezece, nouăsprezece. Awiri okha ndi amene anafupikako pakutha kwa zaka, ndipo muwaike chizindikiro m'kope mwanu. 14 ndi paisprezece, 16 ndi șaisprezece. Akatswiri a zilankhulo amaonetsa kuti kamangidwe aka kamafanana ndi ka anansi awo olankhula zilankhulo za Chisilavo ndiponso Chialubaniya, ngakhale zidutswazo ndi za Chilatini.

Pa makumi ndi pomwe ndimasangalala kwambiri ndikamaphunzitsa Mmalawi. Zece ndi khumi, zeci ndi makumi. Douăzeci ndi makumi awiri, ndendende. Treizeci ndi makumi atatu, patruzeci makumi anayi, cincizeci makumi asanu, kenako șaizeci, șaptezeci, optzeci, nouăzeci. Apanso 60 wafupika, ndi șaizeci. Kamawu kakuti și, kotchulidwa "shi", ndi "ndi" wathu. Ndiye 21 ndi douăzeci și unu, makumi awiri ndi chimodzi. 35 ndi treizeci și cinci, makumi atatu ndi zisanu. Mawu ndi mawu akugwirizana. Penapake iwo zawapepukira kuposa ife, popeza ali ndi mawu amodzi a 6, 7, 8 ndi 9 pomwe ife timachita kumanga pa zisanu. 77 kwa iwo ndi șaptezeci și șapte basi.

Apa ndilankhulepo zakukhosi pang'ono. Ambiri a ife tinasiya kuwerenga m'Chichewa tikangodutsa zisanu. Pamsika, m'minibasi, ngakhale kutchalitchi powerengera chopereka, manambala timatchula m'Chingerezi. Zimandipweteka chifukwa ndaona ndi maso anga kuti wophunzira amene analeredwa ndi agogo owerenga mbuzi zawo kuti "makumi awiri ndi zitatu" amagwira manambala a Chiromaniya msanga kuposa amene amadutsira m'Chingerezi. Chingerezi chimabisa khumi m'kati mwa mawu ake a 11, 12 ndi 20, pomwe Chichewa ndi Chiromaniya zimamuika poyera. Choncho uphungu wanga waukulu ndi uwu: mukaona 48, muganize kaye "makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu", kenako munene patruzeci și opt. Pakatha masabata ochepa mlatho umenewu simudzaufunanso, diso lidzangoona nambala kamwa n'kuyankha.

Zana ndi o sută, mazana awiri ndi două sute. Chikwi ndi o mie, zikwi ziwiri ndi două mii. Miliyoni ndi un milion. Și amangokhala pakati pa makumi ndi nambala yaing'ono, pambuyo pa zana saikidwa. 105 ndi o sută cinci, 342 ndi trei sute patruzeci și doi, ndipo chaka cha 2030 ndi două mii treizeci.

Mwina mwadabwa kuti 2 ndamulemba doi penapake, penanso două. Izinso si zachilendo kwa inu. Timati munthu mmodzi koma chinthu chimodzi, anthu awiri koma zinthu ziwiri, nambala imatsata gulu la dzina. Chiromaniya chimachita zomwezo, koma pa 1 ndi 2 pokha ndi pa manambala omangidwa ndi iwowa monga 12 ndi 22. Mayina ena amatenga un ndi doi: un leu, doi lei. Ena amatenga o ndi două: o pâine, două pâini, buledi mmodzi, mabuledi awiri. Pali gulu lachitatu loyenda pakati, limene limatenga un chinthu chikakhala chimodzi koma două zikakhala ziwiri: un bilet, două bilete, tikiti imodzi, matikiti awiri. Musavutike ndi kuloweza malamulo a magulu amenewa panopa, adzakuphunzitsani m'kalasi. Chizolowezi chimene ndikufuna muyambe lero ndi chakuti dzina lililonse latsopano muzililemba ndi 1 ndi 2 wake pambali. Kupatula omangidwa ndi 1 ndi 2 aja, kuyambira 3 kupita m'tsogolo nambala siisintha, ndi trei kwa aliyense.

Palinso kamawu kakuti de kamene kamalowa pakati pa nambala ndi chinthu mukafika pa 20. Mumati nouăsprezece lei, koma douăzeci de lei, o sută de lei. Mukadutsa 100, manambala awiri omaliza akakhala 01 mpaka 19 kamachokanso, ngati o sută cinci lei. Mukaiwala de palibe amene angakubereni kapena kulephera kukumvani, ndiye musataye tulo ndi kameneka.

Tifike pa vidiyo ya pamsika ija. Simunamve kanthu chifukwa manambala amene munaloweza si amene ankatchulidwa. Pocheza ndi pogulitsana, Aromaniya amadula -sprezece uja n'kungosiya -șpe. Unsprezece amakhala unșpe, doisprezece doișpe, kenako treișpe, paișpe, cinșpe, șaișpe, șapteșpe, optișpe, nouășpe. Makumi nawonso amamezedwa. Douăzeci de lei amamveka ngati "douăj de lei", ndipo douăzeci și cinci ngati "douășcinci". Mukapita ku Piața Obor, msika waukulu wa mu București, mzinda umene ambiri timaudziwa kuti Bucharest, izi ndi zomwe mudzamve kwa mayi wogulitsa tomato. Mabuku ambiri a oyamba kumene sanena zimenezi, ndipo ndimaona kuti amalakwira wophunzira. Inuyo muzilankhula mawu athunthu, chifukwa ndi aulemu paliponse ndipo ndi amene amafunika polemba ndi pamayeso. Koma khutu lanu lizolowere odulawo musananyamuke.

Ngozi yeniyeni ili pa manambala ofanana kamvekedwe. Șase ndi șapte amayamba mofanana. Două ndi nouă amasiyana lembo limodzi, ndipo pafoni kapena pamalo aphokoso 2 amasanduka 9 mosavuta. Nouă yemweyo amatanthauzanso chatsopano, monga o mașină nouă, galimoto yatsopano, choncho si nouă aliyense amene ali nambala. Ndiye pali șaisprezece ndi șaizeci, 16 ndi 60, komanso paisprezece ndi patruzeci, 14 ndi 40. Chokuthandizani ndi pamene mawu akugogomezedwa. Kuyambira 11 mpaka 19 mphamvu ili pa phatikizo loyamba, ȘAI-sprezece. Pa makumi ili kumapeto, șai-ZECI. Ife tinazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye timakonda kunena "unsprezeeche", zomwe zimamveka zachilendo kwa eni ake. Mnyamata wina amene ndinkamuthandiza anafunsa nthawi ya sitima, anamuyankha kuti șaișpe, iye anamva șapteșpe. Anafika pasiteshoni cha m'ma 16:30 akuganiza kuti walawirira, sitima itapita kale, ndipo tikiti inapita pachabe. Mudziwenso kuti pa masitima, kuchipatala ndi m'maofesi nthawi amawerenga mpaka 24, choncho manambala a 13 mpaka 19 amene akukuvutaniwa ndi omwe mudzawamve masana aliwonse. Pocheza amati ora trei și jumătate kunena 3:30, ndipo patru fără un sfert ndi 3:45, kutanthauza 4 koloko kuchotsapo kota.

Za ndalama ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe mlendo amavulala. Ndalama yawo ndi leu, mawu otanthauza mkango, zikachuluka ndi lei. Leu mmodzi ali ndi bani 100, ndipo bani ndi mawunso amene amatanthauza ndalama mwachisawawa. Pa 1 July 2005 dziko la Romania linachotsa maziro anayi pa ndalama yake, moti lei 10,000 zakale zinasanduka leu mmodzi watsopano. Papita zaka zambiri, koma anthu ena, makamaka achikulire, amawerengabe mwakale. Agogo akakuuzani kuti chinthu ndi un milion, nthawi zambiri akunena lei 100. Akati o sută de mii, zikwi zana limodzi, akunena lei 10. Musadzidzimuke ndipo musatulutse chikwama msanga, funsani kuti lei noi, kutanthauza ndalama zatsopano. Komanso ngakhale Romania inalowa mu European Union m'chaka cha 2007, sigwiritsa ntchito euro, koma lendi ya nyumba kawirikawiri imatchulidwa mu euro. Mwini nyumba akati două sute cincizeci, 250, mufunse kuti ndi euro kapena lei musanavomere chilichonse, chifukwa kusiyana kwake ndi kwakukulu.

Polemba, iwo amaika chizindikiro cha koma (,) pamene ife timaika kadontho (.), ndipo amaika kadontho pamene ife timaika chizindikiro cha koma. 2,50 lei ndi lei ziwiri ndi bani 50, ndipo 1.500 ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu. 1 wolemba pamanja amakhala ndi kamzere kakatali kotsetsereka kutsogolo moti mungamuyese 7, pomwe 7 weniweni amadulidwa ndi kamzere pakati.

Nanga miyezi itatu mwatsala nayoyi muigwiritse ntchito bwanji? Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Masabata awiri oyamba musathamangire ku 100, khalani pa 0 mpaka 10, mukutchula mokweza, ndipo mosakaniza. Kuwerenga motsatana kumanyenga, chifukwa munthu amatha kuimba unu, doi, trei mpaka zece koma n'kulephera kutchula 8 payekha popanda kuyambira pa 1. Muzitchula manambala a galimoto zodutsa pamsewu, a pa risiti, a nyimbo za m'buku kutchalitchi. Kenako onjezani makumi, popeza ndi osavuta, ndipo 11 mpaka 19 abwere pambuyo pake pamodzi ndi odula aja. Mwezi womaliza ukhale wa khutu. Lembani manambala 20 osakanikirana, muwajambule mawu pafoni, mawa lake mumvetsere n'kulemba zimene mukumva. Masitolo a ku Romania monga Kaufland ndi Mega Image amaika mitengo yawo pa intaneti. Tsegulani tsamba limodzi muziwerenga mitengo mokweza, mudzadziwiratunso kuti buledi ndi mafuta ophikira ndi ndalama zingati. Duolingo, pulogalamu ya pafoni yophunzirira zilankhulo, ili ndi Chiromaniya ndipo imathandiza kusunga chizolowezi, koma siikukonzekeretsani mokwanira za pamsika. Pa tsamba la pa intaneti la Forvo mungamve eni chilankhulo akutchula mawu amodziamodzi, ndipo dexonline ndi dikishonale imene Aromaniya eni ake amadalira, imaonetsanso pogogomeza mawu.

Ziganizo zitatu izi muziloweze pamodzi ndi manambala. Cât costă? ndi kufunsa mtengo. Mai rar, vă rog ndi kupempha kuti alankhule pang'onopang'ono. Scrieți, vă rog ndi kupempha kuti alembe. Vă rog ameneyo ndi "chonde" waulemu, wolankhula kwa munthu amene kwathu tingamutchule kuti inu, chifukwa nawonso amasiyanitsa iwe ndi inu. Kupempha kuti akulembereni nambala si kupusa. Ine ndinkayenda ndi kakope m'thumba chaka chonse choyamba, ndipo ogulitsa ambiri ankalemba mosanyinyirika.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kudalira khutu lanu lokha, ngakhale mutayamba kudzidalira. Pangano la nyumba, tsiku lothera chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo, ndi mlingo wa mankhwala, zonsezi zilembedwe m'manambala pamaso panu, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi munthu wodziwa bwino chilankhulo. Ofesi ya ophunzira akunja ya pa yunivesite yanu ndi malo oyamba kufunsa. Pa mankhwala makamaka, două ndi nouă asakusokonezeni, pemphani wa kufamase alembe pa bokosi. Ngati patatha mwezi wathunthu mukuyeserera tsiku ndi tsiku simukusiyanitsabe șase ndi șapte atatchulidwa pang'onopang'ono pamalo a zii, pezani mphunzitsi kapena mwini chilankhulo woti mukumane pa intaneti kangapo kokha. Munthu wamoyo amamva cholakwika chimene foni siingakuuzeni. Ndipo ngati mwaona kuti ngakhale m'Chichewa mumafunsa anthu kawirikawiri kuti abwereze, kapena khutu limodzi limamva mofooka, kapimitseni makutu kuchipatala musananyamuke, chifukwa kuphunzira chilankhulo chatsopano kumadalira khutu kwambiri.

Nambala ya zangozi kumeneko ndi 112, unu unu doi. Mukangodziwa komwe mukakhale, lowezani nambala ya nyumba, ya chipinda ndi ya nsanjika mpaka muzitha kuzitchula ngakhale mutadzidzimutsidwa usiku. Nsanjika ya pansi amaitcha parter, ndipo kuwerenga kumayambira pa yotsatira. Manambala a foni za m'manja amayamba ndi 07 ndipo amakhala ndi manambala khumi. Ena amawatchula m'magulumagulu mothamanga, ndiye mukhoza kupempha kuti cifră cu cifră, imodziimodzi. Usiku uno yambani ndi nambala yanu ya kuno. Koyambira ndikupatsani: +265 ndi plus doi șase cinci. Yotsalayo mumalize nokha, muitchule katatu mokweza, ndipo mukafika pa opt musamuikire i kumapeto.